Gitala Yamanzere ya Nthiwatiwa

9 Malichi

Amake Nthiwatiwa,

Kalatayi ikupezeni muli amphamvu, inu ndi mwana. Ndamva kuti mutu uja wayamba kukusiyani, koma sindinakhutire. Mutu wobwera masana okhaokha, munthu atakhala pa makina osokera kuyambira m'mawa, si wa mapiritsi ayi, ndi wa magalasi. Pitani akakuyezeni maso, ndipo musagule a pamsika. Ine kuno ndili bwino. Kachifuwa kokha, koma kameneka n'ka aliyense wokonza mafiriji akuluakulu ngati athuwa. Musakaganizire.

Mudabwa kuti ndikulemba kalata foni ili m'thumba. Mukundidziwa. Pa foni ndikangoyamba kulongosola nkhani kuchokera kumutu, maneti athawa, ndipo akamabwerera inu muli kale pa nkhani ya denga. Adalaivala a basi aja avomera kumanditengera makalata, choncho muzikawadikira pa depoti Loweruka.

Nkhani ndi ya gitala. Chindiuzireni kuti aphunzitsi a kwaya akusamutsidwa mu Julayi, ndipo gitala yawo ikupita nawo, mtima wanga suli m'malo. Mayeso olowera kusukulu ya zoimbaimba ali mu Seputembala. Mwana akaimba chiyani kumeneko, tsache? Mwati adzabwereka. Kwa yani? Chobwereka mwini wake atha kuchifuna m'mawa wa tsiku lomwelo.

Chithunzi chomwe munanditumizira ndachiyang'ana mpaka Sipanala, makaniko wa kuntchito kwathu wogona naye chipinda chimodzi uja, wandilanda foni. Akuti, "Achimwene, mwanayu mumutha ndi maso. Siyaniko kuti ena adzaonenso." Koma ine ndaonamo chomwe inu simunaone. Gitala ija inapangidwira anthu a dzanja lamanja, ndipo mwana wathu, poti ndi wamanzere, amachita kuitembenuza. N'chifukwa chake timabatani topotokola tija tili m'mwamba, kunsi kwa mkono wake, ndipo waya wopita ku sipika akumulasa m'chigongono. Zaka zonsezi wakhala akuimba movutikira chonchi, osadandaula. Watengera inu.

Ndafufuza. Kuli magitala opangidwira anthu amanzere, chilichonse chili mbali yoyenera. Masitolo a m'tauni muno ndawayenda onse. Kwina anandiuza kuti sasunga chifukwa sayenda malonda, kwina mnyamata wogulitsa anati, "Bwanji osangomuphunzitsa dzanja labwino?" Ndinatuluka osatsanzika. Mawu amenewa ndi omwe aja ankanena aphunzitsi ake a kalasi yoyamba pomumenya zala ndi rula, mukukumbukira. Ndiitanitsa kuchokera kutsidya kwa nyanja.

Sindikubisirani, palinso china. Ndikaimba foni, iye amati, "Tili bwino, bambo. Zikomo, bambo. Nawa amayi." Ulemu wake ndi wopatsa mlendo. Ndinachoka mano akutsogolo atangomugweluka, lero akuwerama polowa pakhomo, ndipo tchuthi changa chimatha tisanazolowerane. Gitalayo imakhala kwa eni ake, moti sindinamuonepo akuimba ndi maso angawa. Ndimangomva timawu tomwe mumandijambulira. Ndikufuna adzagwire chinthu chimodzi n'kudziwa kuti bambo ake anamuyang'anitsitsa.

Musamuuze. Ndikudziwa kuti chinsinsi chimakuyabwani, koma pirirani.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo ake Nthiwatiwa

6 Epulo

Amake Nthiwatiwa,

Moni nonse. Zikomo kuti munapita kukayezetsa maso. Mwaona kuti sindinaname? Magalasiwo muziwapukuta ndi kansalu kake, osati ndi mpendero wa diresi. Ine ndili bwino. Chifuwa chikadalipo koma chaphunzira ulemu, chimadikira ndiweruke.

Mwalemba kuti, "Bambo, mwanayu wakula, mufunseni mwini wake chomwe akufuna." Mawu amenewa ndawawerenga kangapo. Koma taganizani. Ndikamufunsa adzati, "Chilichonse, bambo, musavutike," n'kukupatsani foni. Ndipo kufufuza ndiye ntchito yanga ine. Munthu amene ndimapeza pomwe gasi akuthawira mu paipi yotalika ngati bwalo la mpira, ndingalephere kusankha gitala?

Ndasankha. Mvetsetsani bwino kuti akadzafunsa mudzathe kumuyankha. Ndi yamagetsi, koma si ya thabwa logwirana monse ngati ya aphunzitsi ija. Mimba yake ili ndi mphako mbali ziwiri, ndi timazenera topindika ngati khosi la bakha, ndipo pakati pokha ndi pomwe pali thabwa lolimba. Njopepukirako, ndipo mwana wathu ngwamtali inde, koma mapewa ake ndi a mbalame. Komanso magetsi akazima imamvekabe pang'ono, moti atha kumayeserera m'chipinda popanda sipika. Ndamvera anthu akuiimba pa intaneti. Mawu ake ndi onenepa, ofunda, oyenera nyimbo zodekha zomwe iye amakonda zija.

Kuipa kwake n'koti chinthu champhako chimasweka, ndipo ulendo wake ngwautali. Wogulitsayo ndinamulembera mafunso. Anayankha onse kupatula awiri, ndiye ndamulemberanso. Sipanala akuti, "Munthu ameneyu atseka sitolo chifukwa cha inu. Ngakhale apolisi safunsa chonchi." Koma chifukwa cha kufunsako ndadziwa kuti ikapanda kutikomera titha kusinthitsa, bola tisasinthe kanthu kalikonse pa gitalayo.

Mtengo wake sindilemba pano, mutu ungakuyambireninso. Ndingoti ndi malipiro a mwezi ndi theka, kuphatikiza ndege ndi msonkho. Ndapempha kuti ndizigwira ndi Lamlungu lomwe. Ndalama ya mwezi uno ikhala yochepekerako. Ya chakudya ndi magetsi yakwana, koma denga lidikire. Beseni lija likugwirabe ntchito yake. Mlamu wanu kalipentala akabwera kuti ayambe, mumuuze kuti ndati ayi, ndipo asachotse lata ngakhale limodzi "kuti angoona".

Kampani yathu yagulidwa ndi anthu ena. Akuyenda m'mafiriji atavala majekete atsopano, akuwerenga mitu yathu. Akuti palibe chomwe chisinthe. Tiona.

Ndine wanu,
Bambo ake Nthiwatiwa

18 Meyi

Amake Nthiwatiwa,

Muli bwanji kumeneko? Pepani kuti ndinakhala chete. Ndinalibe chabwino cholemba, ndipo sindinafune kukutsanulirani nkhawa zanga. Ine ndili bwino, ndaondako pang'ono, koma lamba ali ndi mabowo ambiri.

Yafika!

Inayenda bwino mpaka italowa m'dziko muno, kenako inakakamira kwa a msonkho milungu iwiri. Foni inkangoti "katundu wanu akudikira". Akudikira chiyani? M'maganizo mwanga ndinkaiona ili pansi pa mabokosi a matayala, kapena pafupi ndi khomo pomwe mvula imawaza. Ndinapitako ndekha ndi mapepala onse m'fayilo. Mayi wa pa zenera anati, "Bambo, munthu woyamba kubwera ndi mapepala oposa omwe tikufuna ndinu." Anaitulutsa tsiku lomwelo.

Ndisanatsegule ndinasesa m'chipinda, n'kuyala bulangete pansi, n'kusamba m'manja. Sipanala anabwera ndi mpeni wa buledi kuti athandize. Ndinamukhazika pa bedi. Anati, "Chabwino, azamba. Mukandiuza ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi."

Amake mwana, njokongola. Ndi yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka ukamuyang'anira padzuwa. Fungo lake ndi la kabati watsopano. Ndinaunika ndi tochi kudzera m'timazenera tija, ndinagogoda ndi chala mbali zonse kumvera ngati pali mng'alu, ndinayang'ana khosi lake ndi diso limodzi monga timayang'anira paipi. Zonse zili bwino. Timabatani tili pansi, kutali ndi mkono. Nsambo nazo zili m'malo mwake ndendende monga kabuku kake kakunenera: yaikulu pamwamba, yaing'ono pansi. Sindinaiimbe. Ndinangokhudza nsambo imodzi, inalira, ndipo Sipanala, munthu wosatseka pakamwa uja, anatchera khutu mpaka mawuwo atatha.

Ikubwera ndi kalatayi. Ndagwirizana ndi adalaivala kuti ikhale kuseri kwa mpando wawo, osati pansi pamodzi ndi matumba. Anandiseka. Akuti, "Akulu, ine ndanyamulapo mazira, ndanyamulapo mkwatibwi, zonse zinafika zosasweka." Ndawapatsabe ya tiyi.

Tsono mverani. Mukailandira musakwere nayo njinga. Mukafika kunyumba musatsegule nthawi yomweyo, ikhale kaye m'bokosi mwake izolowere mpweya wa kumeneko. Isakhale padzuwa, isatsamire khoma, isayandikire podontha paja. Nsambo ndazimasulako dala chifukwa cha ulendo. Iye adziwa kuzikunga.

Ndipo chachikulu: akamatsegula, inu musayang'ane gitala. Muyang'ane nkhope yake. Mudzandilembere zonse, osadumpha, ngakhale zomwe mukuona ngati zosafunika.

Wanu,
Bambo ake Nthiwatiwa

15 Juni

Amake Nthiwatiwa,

Moni. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ndipo kuzizira sikunakuvutitseni. Ine ndili bwino. Tasamuka. Tsopano tikukhala m'kachipinda ka kuseri kwa galaja ina, n'kakang'onoko koma kali pafupi ndi ntchito. Anthu a majekete aja anawerenga mitu n'kupeza kuti yachuluka, ndipo wa Sipanala unali umodzi mwa yochulukayo. Akadali nane mpaka apeze kwina. Wanga pakali pano ukadali pakhosi.

Mwana anandiimbira, monga mukudziwa, poti ndinamva inu mukumuuza chapansipansi kuti alankhule. Anati, "Zikomo kwambiri, bambo. Njokongola, bambo. Mulungu akudalitseni." Ndinafunsa kuti ikumveka bwanji. Anati, "Bwino." Ndinadikira. Anati, "Nawa amayi."

Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Mwati atatsegula anakuwa, anakukumbatirani, anainyamula ngati khanda. Mwati kenako anaiika pamwendo, anakunga nsambo, anaika zala, anakhwatcha kamodzi, ndipo nkhope inagwa. Anati watopa ndi kudikira pa depoti, n'kuitsekera m'bokosi. Ndipo chiyambire tsikulo amaimba atatseka chitseko, motsitsa, ndipo akukana kuti mumujambule.

Pali chomwe chalakwika. Ndakhala ndikuganiza ndipo ndikuona kuti ndi mng'alu. Mwina basi inagunda dzenje. Tengani tochi, unikani m'timazenera tija, makamaka m'mphepete momwe thabwa la pamwamba lakumana ndi la m'mbali. Ngati si mng'alu ndiye khosi lapindika chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Ngati si khosi, ndi mawaya a m'kati. Muigwedeze pang'ono, pang'ono ndithu, mumvere ngati muli chogubuduka.

Kapena ndi mtundu? Atsikana a masiku ano mwina safuna zofiirira. Ngati ndi mtundu andiuze, sindikwiya. Ngati anaigwetsa, andiuzenso. Zinthu zimagwa. Inenso ndinagwetsapo kompuresa ya abwana, ndipo ndili moyo.

Sipanala akuti ndisiye kudzidya. Akuti, "Mwana wamkazi akatseka chitseko ndiye kuti akukonza chodabwitsa. Kapena ali ndi chibwenzi." Ndamuuza kuti asadzanenenso zimenezo m'chipinda chomwe lendi yake ndikulipira ine.

Aphunzitsi a kwaya anyamuka mwezi wamawa. Mayeso sakudikira. Chonde, ngati iye sakufuna, imani pachitseko ndi foni mujambule zomwe zikumveka. Ndikudziwa kuti si khalidwe labwino. Tchimolo likhale langa.

Ndine wanu wosagona,
Bambo ake Nthiwatiwa

13 Julayi

Amake Nthiwatiwa,

Moni kwa inu ndi kwa mwana. Za thanzi langa lero tizisiye, palibe chatsopano.

Zomwe munajambula pachitseko ndinazimvera pa nthawi yopuma, nditakhala pa kireti kuseri kwa firiji yaikulu. Poyamba ndinaganiza kuti mwalakwitsa, mwajambula mwana wa aneba. Kukhwatcha kamodzi, kuima. Kufunafuna. Kukhwatchanso, nsambo ina n'kulira molakwika. Kuyambiranso. Mwana amene nyimbo zake ndakhala ndikuimbira malikhweru m'mafiriji muno zaka zonsezi, akuimba ngati wayamba dzulo. Kumapeto ndinamva akupuma mwamphamvu, monga amachitira akamakana kulira.

Ndiye kalata yanu yafika. Zikomo kuti munalowa n'kumukhazika pansi. Ndilembe monga ndamvera, mundikonze ngati ndaphonya.

Gitala ya aphunzitsi inali ya kwaya yonse, ena onse a dzanja lamanja, choncho sakanaloledwa kusintha nsambo. Ankangoitembenuza momwe ilili. Ndiye kuti kwa iye nsambo yaikulu yakhala ili pansi, yaing'ono pamwamba, kuyambira tsiku loyamba. Zala zake zinaphunzira dziko lozondoka, ndipo m'dziko limenelo ndi mfumu. Ine ndamugulira gitala yamanzere yeniyeni, ya m'buku, yaikulu pamwamba. Chilichonse chomwe zala zake zikudziwa chikugwera pa nsambo yolakwika.

Timabatani ndinationa. Waya ndinamuona. Nsambo pa chithunzi sizioneka kukula kwake, ndipo sindinaganizeko n'komwe.

Mwalemba kuti, "Safunsa anadya phula." Ndalandira. Ndikulitafunabe.

Koma chomwe chandipweteka si phula ayi. Ndi mawu ake omwe mwalemba aja: "Amayi, bambo agwira Lamlungu lililonse chifukwa cha gitalayi. Ndiwauze bwanji kuti alakwitsa? Ndiphunziranso basi." Ndiye kuti mwezi wonse wakhala akuphwanya zala zake, kufufuta zaka zisanu ndi ziwiri, mayeso ali pakhomo, kuti ine ndisachite manyazi. Ine ndimati mwanayu alibe nane kanthu.

Ndinamuuza Sipanala. Kwa nthawi yoyamba sanaseke. Anangotenga ketulo n'kupita kukatunga madzi, ngakhale munali madzi kale.

Tsono zochita. Ndalembera wogulitsa uja. Akuti poti sitinasinthe kanthu atha kutisinthira ndi ya dzanja lamanja, kuti mwana aziitembenuza monga kale. Koma kupita ndi kubwera, ndi a msonkho pakati, idzafika mayeso atadutsa. Ndipo adzabwerera ku waya womulasa m'chigongono. Njira ina ndi kuzondotsa nsambo pa gitala yomweyi. Sikungomasula n'kumanganso ayi. Pamwamba pa khosi pali kamtsamiro koyera komwe nsambo zimagonapo, kali ndi tingalande, kalikonse kosemedwa molingana ndi kukula kwa nsambo yake. Yaikulu singalowe m'kangalande ka yaing'ono. Kamtsamiroko kayenera kuchoka, kabwere kena. Tikangokachotsa, wogulitsa sadzailandiranso, ndipo wina aliyense wofuna kugula adzati yaonongeka.

Inu mwati tiganize kaye, ndalama ndi zambiri. Ndaganiza. Sindinagule gitala yodzagulitsa. Tikachotsa.

Muuzeni asiye lero lomwe kudzizunza. Muuzeni kuti zala zake sizinalakwe, yalakwa ndi gitala, ndipo gitala ndiyo isinthe. Ndipo mufunefune m'sutikesi yanga yakale, pansi pa masatifiketi. Muli choyezera changa cha ku koleji, chachitsulo, chansagwada chija. Mumupatse. Lamlungu masana andiimbire. Nthawi ino ndili ndi mafunso, ndipo ndifunsa mwini wake.

Wanu,
Bambo ake Nthiwatiwa

10 Ogasiti

Amake Nthiwatiwa,

Moni, ndipo pepani chifukwa cha mayunitsi anu omwe tinamaliza Lamlungu lija. Ndawonjezera pa ndalama ya mwezi uno. Ine ndili bwino. Ndinapita kuchipatala monga munalamulira, anandipatsa mankhwala akumwa ndipo akuti ndizivala kansalu kukamwa polowa mozizira. Zina anena tidzakambirana ndikabwera, si zothamangira.

Munali kukhitchini, ndiye simunamve zonse. Tinayamba monga mwa masiku onse, "Tili bwino, bambo." Ndinamuuza mmene angagwirire choyezeracho, kuti ayeze kutalika kwa kamtsamiro, kunenepa kwake, ndi msinkhu wake. Anawerenga manambala bwinobwino. Ndinati ayezenso. Anayezanso. Ndinati komaliza.

Anati, "Bambo, ndayeza katatu. Gitala sikula."

Kenako ndinamva akuseka, ndipo nanenso ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Anati, "Mwaona? Mwadzipweteka nokha."

Ndiye ndinamufunsa kuti amafuna nsambo zikhale pamwamba bwanji kuchokera pa khosi. Amake mwana, ndinatsegula mpopi. Akuti zing'onozing'ono azifuna zotsika kwambiri chifukwa iye amazikokera pansi pomwe anzake amazikankhira m'mwamba, ndipo n'chifukwa chake gitala imalira ngati munthu, iye akaigwira. Akuti yaikulu ikhale yokwererako chifukwa amaimenya ndi chala cholozera, ndipo ikatsika imachita phokoso. Ndinati kabuku sikakunena choncho. Anati, "Kabukuko kanaimbapo m'kwaya?" Ndinalemba zonse. Anandifunsanso kuti munthu wa tsitsi ngati chisa cha mbalame amene ali pa chithunzi cha m'sutikesi ndani. Munasiyiranji chithunzi chimenecho pamwamba?

Kuno kuli bambo wina wokonza zoimbira, kuseri kwa siteshoni. Ali nato timitsamiro tosemasema kale, koma palibe kolingana ndi manambala athu, ndipo akuti ngakhale kolingana kamafunabe tupa. Anandigulitsa tizidutswa ta fupa tosasema n'kundibwereka matupa ake ang'onoang'ono, nditasiya wotchi yanga ngati chikole. Ndakhala ndikusema pa nthawi yopuma, pa benchi ya kuntchito, komanso madzulo m'chipinda muno. Fupa likamapalidwa limanunkha ngati tsitsi lopserera, moti anzanga asamukira panja ndi mikate yawo. Koyamba kanathyoka. Kachiwiri ndinakumba kangalande kamodzi mopitirira, ndipo fupa ukachotsa sungabwezere. Sipanala akuti, "Ng'ombe yonse ithera pa gitala imodzi." Wapeza ganyu yokonza mathiraki, amabwera akununkha dizilo, ndiye fungo tikubwezerana.

Kachitatu kali m'kabotolo ka mapiritsi, nditakulunga ndi thonje, m'envulopu muno. Tingalande ndatisiya tosazama pang'ono dala, chifukwa kuzamitsa n'kotheka koma kukweza ayi. Mulinso nsambo zatsopano.

Kakale kaja kachotsedwe motere: nsambo zonse zimasulidwe, adule utoto m'mphepete mwake ndi lezala, aike kathabwa, agogode pang'ono. Katsopano kakhale ndi kadontho kamodzi ka guluu, kamodzi kokha. Kumunsi, komwe nsambo zimatsamiranso, kuli timasikuluwu; timeneto atembenuze yekha ndi khutu lake, ine kumeneko ndilibe mawu. Mlamu wanu atha kuthandiza, koma hamala yake yaikulu ija aisiye kwawo. Mumuseche pakhomo.

Ndine wanu,
Bambo ake Nthiwatiwa

21 Seputembala

Amake Nthiwatiwa,

Moni wa chimwemwe kwa nonse. Ine ndili bwino, ndipo lero ndikunena zoona.

Nkhani munandiuza kale pa foni, koma munkalira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo mlamu wanu ankakuwa kumbuyo ngati wakhoza ndi iye, moti ndinangomva liwu limodzi: amutenga. Zotsalazo ndazimva kwa mwini wake. Waimba foni yekha, katatu sabata ino, inu muli kumsika.

Koma ndiyambe ndi za mwezi watha, poti simunandiuze zonse. Akuti mlamu wanu anabweradi ndi hamala, ataibisa m'jekete. Akuti anamuuza kuti, "Bambo aang'ono, inu gwirani tochi." Kamtsamiro anachotsa yekha, pogogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Ndipo tsiku lomwelo anandiimbira ndili pamwamba pa makwerero, osapereka n'komwe moni. Anati, "Bambo, nsambo yachiwiri mwaisiya m'mwamba ngati chingwe choyanikira zovala. Ndinakuuzani kuti zotsika. Simumva!" Ndinatsika, ndinakhala pansi, ndinamuuza apinde sandipepa apale pang'onopang'ono. Ankapala, n'kukhwatcha, ine ndikumvera. Pala, khwatcha. Mpaka anati, "Apo." Kapitawo anandipeza ndikumwetulira ndekha ndipo anafunsa ngati ndalandira uthenga wabwino. Ndinati eya, mwana wanga wandikalipira.

Za mayesowo akuti oyesa anali atatu. Atayamba kuimba, mayi wina mwa iwo anaimirira, anazungulira tebulo, anawerama kuyang'ana zala zake. Iye anaganiza kuti amuletsa. Atamaliza, mayiyo anafunsa kuti anamuphunzitsa kugwira chonchi ndani. Anati palibe. Anafunsanso kuti nanga gitala yotere anaipeza kuti. Akuti anayankha kuti, "Inachokera kunja, koma anaimaliza ndi bambo anga." Ndinamupempha abwereze mawu amenewa, ndinati maneti anadula. Sanadule.

Kanema yemwe mnzake anajambula wanditumizira. Ndi koyamba kuona manja ake akugwira ntchito. Amatulutsa kansonga ka lilime pakona ya pakamwa akafika povuta. Sipanala ataona anati, "Uyu ndi wanu ndithu, ngakhale kukhoti sangakane. Mumatero inu mukamasema fupa." Ine sindinkadziwa kuti ndimatero.

Tsono za fizi. Pepala lawo ndaliona. Musadandaule, ndipo musagulitse makina anu, ndamva kuti mwayamba kuganiza zimenezo. Masiku ano kuntchito tikuweruka masana, ena akuti n'zakanthawi. Masanawo ndikumakonza mafiriji a m'nyumba za anthu, ndipo bambo wokonza zoimbira uja wati ndizipita Loweruka, ali ndi ntchito ya tupa yomwe maso ake sakuithanso. Gawo loyamba ndituma mwezi ukatha. Denga nalo tiliona mvula isanafike, ngakhale theka.

Mumugulire nsapato zotseka ndi jekete. Zipinda zophunzirira zimazizira. Gitala asamabwereke aliyense, ngakhale palibe angaithe.

Dzulo wati ndimusemere kamtsamiro kena kosungira, kuti kaja kakadzathyoka asadzasowe pogwira. Kali kale m'kabotolo pawindo pano, ndinakamaliza iye asanaganize n'komwe. Koma ndamuuza kuti masiku ano ndikuiwalaiwala, aziimba foni kundikumbutsa. Inu mukudziwa kuti chibadwire sindinaiwalepo kanthu.

Wati aimba Lachitatu.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo ake Nthiwatiwa